Usabwere, Ida, Maliza Nyenyezi Zako

Cape Town, 19 Febuluwale 2023

Amayi ndi achimwene Julius,

Ndikupatsani moni nonse. Kaya muli bwanji kumeneko? Ine kuno ndilipo, kutopa kokhaku. Kalatayi ndatumiza pa foni ya a Phillip a pagolosale ku Migowi monga mwa masiku onse, kuti aisindikize papepala. Achimwene, mukakaitenga tsiku la msika, mukawawerengere Amayi mokweza, chifukwa pa foni sakundimvanso. Ine ndimafunsa funso, iwo n'kumangoti "eya, eya."

Amayi, munafunsa kuti sukuluyi idzatha liti, komanso kuti kwenikweni ndimachita chiyani. Ndiyesenso kufotokoza. Mukuidziwa Nsangwe, tinyenyezi tija timaunjikana pamodzi ngati kamulu ka mtedza pamsika. Magulu otere kumwamba alipo ambiri, ena osaoneka ndi maso. Nyenyezi za m'gulu limodzi zinabadwa nthawi imodzi kuchokera mumtambo umodzi wa fumbi ndi mpweya, ndiye zaka zawo n'zofanana ngakhale zina ndi zazikulu, zina zazing'ono. Gulu langa lilibe ndi dzina lomwe, lili ndi nambala chabe.

Ine ndimayeza liwiro limene nyenyezi zake zing'onozing'ono zimazungulira. Nyenyezi imakhala ndi mawanga akuda. Banga likayang'ana kuno kuwala kumachepa pang'ono, likapita kuseri kumabwerera. Nyenyezi ikamakalamba imazungulira mwaulesi. Tikazidziwa bwino za m'gulu, zomwe zaka zake tikuzidziwa kale, tidzatha kuuza zaka za nyenyezi iliyonse yokhala payokha.

Vuto ndi makina oonera nyenyeziwo. Ali paphiri, kudera louma kutali ndi tauni, ndipo anthu timawadikirira pamzere ngati pachigayo. Chaka chatha nthawi yanga itafika kunachita mitambo ndi mphepo, ndinabwerako chimanjamanja. Chaka chino andipatsa pakati pa Epulo. Ndikaphonyanso, gululo limalowa pamodzi ndi dzuwa mpaka chaka chamawa, pomwe ondilipirira sukulu anena kale kuti Disembala akusiya.

Ndiuzeni za kumunda. Nandolo wamera bwino? Denga la kitchini lija munakonza?

Ndine wanu,
Ida

Mkhumba, 5 Malichi 2023

Chemwali Ida,

Moni wako tinaulandira. Ife kuno tilipo, mlamu wako Aliness ndi ana akupereka moni.

Ndinapalasa njinga mpaka ku Nkhulambe kukawawerengera Amayi kalata yako. Pa nkhani ya zaka za nyenyezi ija anaseka mpaka kutsokomola. Akuti ukazidziwa zakazo, nyenyeziyo ukailembetsa sukulu? Koma ndinaona kuti kalatayo anaipinda bwinobwino n'kuiika m'Baibulo.

Chimanga chaoneka, nandolo nayenso. Denga sindinakonze, nthawi inandithera. Ida, ndinene zoona, ulendo wa ku Nkhulambe ukundilemera. Ndimanyamuka m'mawa, kufika dzuwa litapendeka, miyendo ikunjenjemera. Ine ndine mkamwini kuno kwa eni ake, ndili ndi munda wa akazi anga woti ndilime. Mwana wamkazi wa Amayi ndiwe wekha. Munda uja ndi wako, nyumba ija ndi yako, koma amene akuthyoka msana ndine. Sindikudandaula, ndikungonena.

Pawailesi akuti kunyanja ya mchere kuli namondwe amene angafike kuno. Anthu a kumudzi akuti ndikufunse, poti iwe umayang'ana kumwamba, ngati n'zoona. Ndawauza kuti zako si za mvula, koma sakumva. Akuti kumwamba n'kumodzi.

Mlongo wako,
Julius

Cape Town, 15 Malichi 2023

Achimwene,

Moni. Chonde yankhani. Ndikuona zithunzi za ku Phalombe, matope ndi miyala, ndipo akutchula Nkhulambe. Foni yanu sikulowa, ya a Phillip nayonso. Ndikutumiza kalatayi osadziwa ngati ifika. Amayi ali kuti? Ngakhale liwu limodzi lokha, chonde.

Ida

Migowi, 27 Malichi 2023

Ida,

Moni. Amayi ali moyo. Ndayamba ndi zimenezo kuti uwerenge zotsalazi mtima uli m'malo.

Madzi anatsika kuphiri Lolemba lija pamodzi ndi miyala ndi mitengo. Nyumba palibe. Kitchini, khola, nkhokwe, palibe. Pamunda pako pali miyala ina yaikulu ngati minibasi, ndipo sungadziwe kuti malire anali pati.

Ine ndinapita wapansi chifukwa milatho inapita. Foni yanga inafera mumtsinje powoloka. Panjira ndinaona zinthu zimene sindilemba. Amayi ndinawapeza pasukulu pomwe anthu anathawira, atagona pakona m'kalasi, atafunda thumba. Anapulumuka chifukwa cha a Edina, oyandikana nawo aja, amene anawakokera pamtengo wa mango n'kuwamangirira ndi chitenje. Amuna awo a Edina mpaka lero sanapezeke.

Koma lata linawadula Amayi mwendo wamanzere, m'munsi mwa bondo. Anakhala ndi chilondacho m'matope osatsukidwa. Atandiona anangoti, "Wabwera wapansi? Wadya?" Tinawanyamula pachitseko ndi amuna ena mpaka pomwe galimoto imafika. Kuchipatala anatsuka, anamanga, n'kutibweza chifukwa anthu anali ogona mpaka pakhonde. Pano ali kwathu ku Mkhumba, m'nyumba ya mayi ake a Aliness.

Chilondacho sichikundisangalatsa. Chayamba fungo, ndipo Amayi akutentha thupi.

Sindinakuuzepo mawu awa chipitire iwe, koma lero ndikunena: bwera.

Julius

Mkhumba, 29 Malichi 2023

Mwana wanga Ida,

Akulemba ndi Aliness, mawu ndi anga, mayi ako Eveles. Ndakupatsa moni. Kaya ukudya bwino kumeneko?

Napolo wadutsanso. Ulendo woyamba uja, iwe usanabadwe, anatisiyira nyumba. Ulendo uno watenga ndi mphika womwe. Koma moyo watisiyira, ndiye tisachulutse zonena.

Ndamva kuti mlongo wako wakulembera kuti ubwere. Usabwere. Julius ndi wamantha chibadwire, ali mwana ankalira akaona magazi a nkhuku. Ine ndili ndi kachilonda chabe, kakupola. Ukabwera ugona pati? Ine ndemwe ndikugona pamphasa ya eni, kudya ndikuchita kuitanidwa ngati mlendo. Mayi wa mwana wamwamuna kukhala kuchikamwini kwa mwana wake, unazionapo kuti? Ndiye tiwonjezerepo wachiwiri?

Unanena wekha kuti makina aja ukawaphonya basi zatha. Zaka zonsezi wakhala kwa eni, kuzizidwa, ife kukusowa pamaliro ndi paukwati pomwe. Zipite pachabe chifukwa cha mwendo wa nkhalamba? Ayi. Usabwere, Ida. Maliza nyenyezi zako.

Ndine mayi ako

Cape Town, 4 Epulo 2023

Amayi ndi achimwene,

Moni nonse. Makalata anu awiri afika tsiku limodzi, a Phillip akuti magetsi angoyaka kumene. Ndalira, ndathokoza Mulungu, kenaka ndakhala pansi ndi makalata awiri, ina ikuti bwera, ina ikuti usabwere.

Ndinafunsa za basi. Ndinapitanso kwa aphunzitsi anga amene amayang'anira ntchito yangayi. Anandiuza kuti ndikafuna kupita ndipite, sandiletsa, koma nthawi ya makina ipatsidwa kwa wina ndipo sangandilonjeze ina. Ndaimbira a Phillip, akuti Amayi sanawaone koma amva kuti akupezako bwino.

Achimwene, ndikuganiza kuti kalata yanu munailemba zomwe munaona panjira zija zikadali m'maso. Kalata ya Amayi ndi yapambuyo, ndipo akuti chilonda chikupola. Ndiye ndikhala, ndimalize za kuphiri, ndibwere nthawi yozizira ikamatha. Ngati chikukuvutani ndi chakudya ndi mankhwala, ndatumiza kangachepe kudzera kwa a Phillip. Ndaperekanso katundu kwa dalaivala wa basi ya ku Blantyre: bulangete, juzi, ndi nsapato zansalu zofewa kuti Amayi asamaponde pansi chilonda chikamapola.

Chonde mundiuze chilichonse chikasintha. Musandibisire.

Ida

Migowi, 16 Epulo 2023

Ida,

Moni. Zomwe unatumiza kwa a Phillip ndalandira. Zikomo, ngakhale ine sindinapemphe zimenezo. Ndinapempha iwe.

Wasankha kumvera Amayi, chabwino. Nanenso andiuza zoti ndizilemba ndi zoti ndisalembe, ndiye kalatayi ikhala yaifupi. Tikuyendayenda kuchipatala. Chimanga chathu cha ku Mkhumba chinagona m'madzi, tikukolola zowola. Aliness waonda. Ine tulo ndinaiwala kuti timakoma bwanji.

Uyang'ane bwino nyenyezizo.

Julius

Cape Town, 2 Meyi 2023

Amayi ndi achimwene,

Ndikupatsani moni. Ndabwerako kuphiri dzana.

Achimwene, kalata yanu inandipweteka, koma sindikukwiyirani. Ndikudziwa kuti katundu yense ali pamutu panu.

Amayi, ulendo uno kumwamba kunayera. Mitambo inabwera kamodzi kokha, n'kuchoka. Ndajambula gulu langa mobwerezabwereza mpaka maso kuwawa, ndipo ndayamba kale kuona nyenyezi zina zikuthima pang'ono n'kuwalanso, monga ndinkayembekezera. Ina imamaliza kuzungulira pasanathe masiku awiri, ina imatenga sabata ndi kanthu. Pali zina zomwe ndinkaziyesa za m'gulu langa, koma zapezeka kuti n'zongodutsa, zili kutali kumbuyo. Zimenezo ndizichotsa, ndipo ntchito ya miyezi ingapo ipita nazo. Komabe zotsalazo n'zokwanira. Aphunzitsi anga anandigwira dzanja n'kunena kuti tsopano ndimaliza.

Ndimayesa tsiku limeneli ndidzavina. Koma ndinangobwerera kuchipinda, n'kugona ndi nsapato kumapazi. Kuphiri kuja kumazizira koopsa, ndipo munthu umakhala wekha ndi makompyuta. Makina akamatembenuka pamwamba, ine maganizo amakhala ali pakona ya kalasi ija munanena. Ndikafunsa mtima wanga ngati ndinachita bwino, sukundiyankha.

Mwati mukuyendayenda kuchipatala. Kukatani, ngati chilonda chikupola? Katundu uja anafika? Nsapato zikukwana? Amayi, ndiyankheni inuyo.

Ida

Mkhumba, 20 Meyi 2023

Mwana wanga,

Akulemba ndi Aliness. Moni wako ndamva. Ndakondwa kuti kumwamba kunayera. Ndinkapempherera zimenezo, mpaka amayi a kutchalitchi ankandiseka, akuti anthu akupempherera chakudya, inu mukupempherera mitambo ya ku Joni.

Katundu anafika, anachedwa ku Limbe. Bulangete ndi lofunda bwino. Juzi ndampatsa Aliness, asakane, wandisamala ngati mayi ake omubala. Nsapato n'zokongola, zofewa ngati mkate. Ikundikwana bwino. Ndikuvala imodzi.

Poti wamaliza za kuphiri, Aliness akuuza zotsalazo. Ine ndatopa, ndikufuna ndigone.

Mayi ako

Alamu, ndine Aliness tsopano, ndikulemba zanga.

Mwendo uja anadula. Chilonda chinadya mpaka mkati, phazi linada, ndipo adokotala anati tikachedwa tiwataya. Anadula pamwamba pa bondo, sabata yomwe inu munakwera kuphiri. Tsiku lomwe ndinkalemba kalata ija yoti kachilonda kakupola, ndinkalemba nditatseka mphuno ndi chitenje. Ndinawauza kuti, "Amayi, limeneli ndi bodza." Iwo anati, "Lemba. Bodzalo ndi langa, dzanja lokha ndiye lako."

Anatilumbiritsa tonse, ine, achimwene anu, ndi a Phillip omwe. Akulowa kochitidwa opaleshoni anagwira malaya a achimwene anu n'kunena kuti, "Ukamuuza Ida asanatsike kuphiri, ine ndikafa usadzandiike." Achimwene anu anatuluka panja, anakhala pansi pa mtengo, ndipo ndinawaona akulira koyamba chikwatiraneni. Ndiye musawaone ngati ouma mtima. Mkwiyo wawo unasowa kolowera, unagwera inu.

Panopa bala lapola. Akuphunzira kuyenda ndi ndodo koma manja alibe mphamvu, amagwa. Masiku ena salankhula. Amangoyang'ana kuphiri n'kumafunsa ngati miyala ija ingachoke pamunda. Achimwene anu awamangira kanyumba kawo kumbali kwa bwalo kuti asamachite manyazi ndi mayi anga.

Pepani alamu. Ndinkafuna kukuuzani kalekale.

Aliness

Cape Town, 24 Meyi 2023

Achimwene,

Moni. Kalatayi ndi yanu nokha, musawawerengere Amayi.

Ndawerenga mawu aja oti "ndikuvala imodzi" kambirimbiri. Poyamba ndinayesa Aliness walakwitsa polemba.

Munandiuza kuti bwera, ndipo munandiuza zoona. Ine ndinasankha kalata imene inkanena zomwe ndinkafuna kumva. Ndakwiyira Amayi, ndakwiyira inu, ndakwiyira a Phillip, koma mkwiyowo sukukhalitsa, ndilibe mphamvu zake. Chomwe chatsala n'kutopa basi. Ndimatsegula kompyuta, ndimaona timadontho ta nyenyezi zanga tikukwera n'kutsika bwinobwino monga ndinkafunira zaka zonsezi, ndiye ndimaitsekanso.

Ndalankhula ndi aphunzitsi anga. Za makina zatha, chotsala ndi kuwerengera ndi kulemba, ndipo zimenezo ndingachitire kulikonse komwe kuli magetsi. Iwo akuopa kuti ndikapita sindimaliza, akuti anaonapo ena otero. Mwina akunena zoona. Sindinawalonjeze kanthu, ndipo inunso sindikulonjezani kuti ndabwereratu. Sindikudziwa. Chomwe ndikudziwa n'chakuti ndagula tikiti. Ndinyamuka Lachiwiri likudzali, ndipo ngati sitichedwa pachipata cha m'malire ndifika pa Migowi Lachisanu masana.

Mudzandichingamire. Koma Amayi musawauze, angandiletsenso, ndipo ndikudzidziwa, ndikhoza kuwamveranso.

Mlongo wanu,
Ida

Migowi, 28 Meyi 2023

Chemwali,

Moni. Kalata yako ndawerengera pompano pagolosale, ndipo ndikuyankha mwachangu kuti ikupeze usananyamuke. A Phillip anandiuza kale dzulo pamsika zonse zomwe walemba, ndiye nkhaniyi ndinafika nayo kunyumba dzulo lomwelo.

Amayi ndawauza. Pepa. Zobisa ndatopa nazo, Ida. Ndabisira iwe za iwo, ndiye ndiyambenso kubisira iwo za iwe? Mutu wanga ndi umodzi.

Ndinawauza dzulo madzulo akudya. Anasiya kudya. Anafunsa kuti, "Wamaliza?" Ndinati ayi, koma akuti zotsalazo alembera konkuno. Anati, "Kuno kuli magetsi?" Ndinati kwa a Phillip alipo, akakhala kuti ayaka. Anati, "Mwana wopusa." Kenaka anakankha mbale, natembenukira kukhoma. Ndinadikira kuti andiuze ndikulembere zoti usabwere, koma sananene.

Lero m'mawa Aliness anandidzutsa kuti ndikaone. Ndinawapeza Amayi m'kanyumba kawo kaja atakhala pansi, ndodo ataziponya uko, akuzira. Dothi anachita kutuma ana kuti akawatapire kudambo. Amazira pang'ono, n'kudzikoka ndi manja kubwerera m'mbuyo, n'kuziranso. Mphasa yawo anali ataikokera mbali imodzi kuti mbali inayo patsale malo. Thukuta lili kamukamu. Ndinati, "Amayi, siyani, Aliness azira." Iwo osandiyang'ana n'komwe anati, "Mwana wanga sangagone pafumbi pozira mkazi wina ine ndili moyo. M'malo moima pamenepo ngati mtengo, kanditungire madzi, dothi likuuma."

Ndinakatunga.

Zimene ndinalemba mu Epulo zija, zisiye. Tonse tinali otopa, ndipo kutopako sikunathe, udzakuona wekha. Chakudya n'chochepa, za munda wa ku Nkhulambe sitikudziwa poyambira, ndipo Amayi usiku amabuula, akuti phazi lomwe kulibelo likuwayabwa. Usadzalire pamaso pawo, sakufuna.

Lachisanu udzandipeza pamene pamaima maminibasi. Usanyamule katundu wambiri, tidzakwera njinga.

Mlongo wako,
Julius